Nyimbo Yokulira M'chigafa

Ndikukumbukira chaka chimene fodya anatikwana kwathu ku Lukwa. Ndi chaka chija bambo analandira koyamba kuponi ya feteleza, n'kubwera ndi matumba panjinga akumwetulira njira yonse ngati apeza mwana wamwamuna. Mvula nayo inagwa mwaulemu chaka chimenecho. Pofika mu Febuluwale masamba anali atakula moti kamwana kankatha kubisala pansi pa tsamba limodzi mvula ikayamba. Sikunali kwathu kokha ayi. M'mudzi monse zigafa zinachepa, anthu n'kumalumikiza zina m'mbali ndi mitengo yaiwisi. Kulikonse kumene ungadutse unkakumana ndi fungo lija la fodya wamuwisi, lowawira kukhosi, lolowerera m'zovala ndi m'tsitsi momwe. Ine ndinali mu Sitandade 6, ndipo ngakhale makope anga a kusukulu ankanunkha fodya.

Koma nkhani yanga si ya fodya kwenikweni, ndi ya achemwali anga a Esinati. Munthu ameneyu anali ndi mawu, abale inu! Sindikukometsera poti ndi m'bale wanga, mukafunse aliyense amene analipo masiku amenewo. Akayamba kuimba pamjigo, wopopa madzi ankaiwala kupopa. Nyimbo akaimva kamodzi pawailesi ya bambo, pofika madzulo anali akuiimba yonse, ataikometseranso ndi tina pamwamba timene mwini nyimboyo sanatilote n'komwe. Palibe anawaphunzitsa. Amayi ankati ngakhale kulira kwawo ali khanda kunali komveka bwino, pamene ine ndinkalira ngati chitseko chosowa mafuta. Ine, Lute, ndinatengera bambo. Mawu anga ndi aja akakhala pagulu sawononga kanthu, koma akangotsala okha nkhuku zimadzutsa mitu.

Tonse awiri tinali m'kwaya ya patchalitchi chathu chaching'ono, cha malata adzimbiri ndi mabenchi a dothi. Wotiphunzitsa anali bambo Gondwe, okonza njinga, amene kwawo kunali kumpoto kwa boma lathu. Anali munthu wamfupi, wofatsa, koma tikasokoneza nyimbo Chichewa chinkawathawa n'kutsala Chitumbuka chokhachokha. Ukangomva "Yayi, yayi, yayi!" unkadziwa kuti tibwereza mpaka njala itipweteke. Achemwali ndiwo ankatsogolera nyimbo zonse. Iwo ankayambitsa, ife n'kuthirira mang'ombe. Malo amenewo, kutsogolo kwa tonse kumene maso a mpingo amagwera, ankawakonda kuposa chakudya. Chimene ankadana nacho ndi pulakatisi. Ankati pulakatisi ndi ya anthu amene akufunafuna mawu, iwo awo anabadwa nawo. Ndipo chimene chinkandipsetsa mtima n'chakuti zinkawayenderadi. Ife tinkavutika sabata yonse, iwo n'kungotulukira Lamulungu atadzola bwino, n'kuimba mpaka amayi achikulire kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

Tsiku lina kunabwera uthenga woti pa Pasaka makwaya akakumana kutchalitchi chachikulu cha ku Mtunthama, ndipo ife akumudzi taitanidwa nawo. Aka kanali koyamba. Tinalumpha, tinakuwa, anyamata ena mpaka kugubuduka pafumbi. Bambo Gondwe anati sitingapite kumeneko ndi nyimbo zomwe aliyense amazidziwa, choncho anapeka yawoyawo, akuing'ung'udza uku akumata machubu a njinga. Mawu ake oyamba anali akuti, "Ndine mbande m'dzanja lanu, ndiwokereni pa nthaka yabwino." Anatiphunzitsa Lamulungu lina titaweruka mapemphero. Achemwali anamvetsera kamodzi. Kachiwiri anaiimba okha, mokweza, mothamanga, yokoma moti bambo Gondwe anavula chipewa osadziwa kuti avula. Atamaliza anatola nsapato zawo nati, "Basi ine ndaigwira. Tikakumana ku Mtunthama."

Kenako fodya anayamba kupsa, ndiye mavuto a kwaya anayambira pomwepo. Fodya akapsa sadikira munthu. Umathyola m'mawa mame asanaume, masana onse n'kukhala pansi kusoka, kuti masamba akwere pa mikangala, mitengo yoyanikapo m'chigafa, asanayambe kuwola. Chaka chimenecho panalibe kholo lolola mwana kupita kokaimba masamba ali mulu m'chigafa. Bambo Gondwe ankaliza chitsulo cha patchalitchi, n'kufika anthu owerengeka, mwina ine ndi a Zakeyu basi. A Zakeyu anali chimunthu chachitali choimba besi, mawu awo ankanjenjemeretsa benchi. Tsono kwaya ya ine ndi a Zakeyu, inu mukuona bwanji? Bambo Gondwe anaganiza, naganiza, kenako anatulukira nzeru imene mpaka lero ndimaigomera. Anati ngati oimba sangabwere kutchalitchi, kwaya ipite kuchigafa.

Anatenga masipoko akale a njinga, nawasula, nawaboola, n'kukhala masingano osokera fodya okwanira tonse. Kuyambira pamenepo, tikaweruka kusukulu kwaya yonse inkapita kuchigafa cha banja limodzi, mawa cha banja lina, kuzungulira choncho. Makolo amene ankakaniza ana aja anasanduka oyamba kufunsa kuti, "Kodi kwathu mufika liti?" Manja ochuluka chotero mulu wa fodya unkangosungunuka. Eni chigafa ankatiphikira chimanga chachiwisi ndi maungu, pena mtedza wophika womwe, n'kutiikira thobwa m'ndowa pakona. Tinkakhala mozungulira, miyendo titatambasula, kumwamba masamba a dzana akulendewera achikasu, kunja dzuwa likuswa mtengo kapena mvula ikuwaza pa udzu. Bambo Gondwe nawo ankasoka, akumenya nthawi ndi chidendene.

Sindinasangalalepo ngati masiku amenewo, kunena zoona. Utomoni wa fodya unkatimata m'manja mpaka kuda bii, ndipo ukagwira chimanga ndi manja amenewo chinkawawa ngati mankhwala a malungo, koma tinkadya tikuseka. Anyamata ankapikisana kudzaza chingwe, atsikana tinkawanena kuti akusoka mokhota ngati njira ya woledzera. A Zakeyu ankayetsemula fodya akawalowa m'mphuno, chiyetsemulo chake mpaka agalu a eni nyumba kuthawa. Ndipo pakati pa zonsezi nyimbo ija inkangozungulira, kutha n'kuyambanso, kutha n'kuyambanso, mpaka tinasiya kuiganizira. Inkangotuluka yokha ngati mpweya.

Chimene sitinazindikire msanga n'chakuti nyimboyo inali kusintha. Munthu utakhala pansi, msana utapindika, mutu utaweramira pa singano, sungakweze mawu monga umachitira uli chiimire m'tchalitchi. Nyimbo inatsika yokha, pang'onopang'ono, mpaka inakakhala pamalo poti aliyense ankaifikira osatukula khosi. Inasiyanso kuthamanga, inayamba kutsata manja: kutola tsamba, kubaya paphata, kukoka chingwe. Pokoka chingwe mkono umatambasuka mpaka kumapeto, ndiye pamenepo tonse tinkapuma, m'chigafa n'kuti zii, kenako a Zakeyu n'kulowa pansipansi ndi besi yawo. Tsiku loyamba kumva zimenezi bambo Gondwe anayamba, "Yayi, ya..." koma anaima pakati. Anapendeketsa mutu, namvetsera, kenako anati, "Makora, ili bwino! Isiyeni choncho. Musaikhudzenso."

Nanga achemwali? Iwo m'chigafa sanapondemo. Ankati fungo la fodya limakanda pakhosi, ndipo khosi lawo silinali loseweretsa. Ntchito zina zonse ankagwira, zimenezo ndisawanamizire: kutunga madzi, kusinja, kuphika, kuchapa za nyumba yonse. Koma singano ayi. Bambo, amene ankanyadira mawu a mwana wawo kuposa ng'ombe zawo, ankawaikira kumbuyo. Ankati, "Msiyeni mwana, khosi limenelo ndi la Mulungu." Amayi ankangopukusa mutu n'kunena kuti ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Tsiku limene kwaya inabwera kuchigafa chathu, chimene chinali kumunda kutali ndi nyumba, achemwali anabweretsa beseni la chimanga atatseka mphuno ndi chitenje, nalitula chapatali pa chulu, n'kubwerera liwiro. Amayi ndiwo anakhala nafe tsiku lonse, akusoka mwakachetechete pakona, milomo ikugwedera pang'ono. Iwo sanali a kwaya, ndipo sindinawamvepo akuimba mokweza chibadwire.

Pasaka atayandikira, bambo Gondwe anabwera kunyumba madzulo ena atakwera njinga yawo yolira ponseponse kupatula belu. Anapeza achemwali akupeta mphale pakhonde.

"Iwe Esinati, nyimbo ija yakula. Siili pamene unaisiya. Bwera udzaimve."

"Bambo Gondwe, nyimbo ndi mwana kuti ikule? Ine ndinaigwira kalekale, musade nkhawa."

Bambo Gondwe anapotokola chipewa m'manja. Kenako ananena mofatsa, mopanda ndi "yayi" yemwe, ndipo n'chifukwa chake ndinachita mantha.

"Chabwino. Utsogolera, poti wina wa mawu ngati ako ndilibe. Koma ukakatichititsa manyazi ku Mtunthama, kutsogolo kuja sudzaimakonso. Udzakhala kumbuyo ndi anzako."

Achemwali anaseka, nauluza mankhusu m'mwamba. Zoti panalibe wina zinali zoona. Bambo Gondwe anali atayesa atsikana onse m'chigafa, ine ndemwe. Nditayambitsa ine, mbuzi imene inali kunja inayankha, ndipo kwaya inaseka mpaka a Zakeyu anadzibaya ndi singano.

Loweruka lomaliza, pamene tinayeserera titaimirira m'tchalitchi, achemwali anali kwa azakhali kokalukitsa tsitsi. Ife usiku wake usanafike tinali pamjigo kupala manja ndi mchenga ndi mandimu, koma utomoni wa miyezi unali utakhazikika m'zikhadabo ndi m'mizere ya zikhatho, osachoka. M'mawa wa Pasaka tinavala mabulauzi oyera ndi zitenje zofanana, manja tikubisa kumbuyo. Achemwali okha ndiwo anali ndi manja osalala, onyezimira mafuta, ndi tsitsi lolukidwa mizere yowongoka bwino. Anali okongola, ndivomere. Tinakwera lole ya mkulu wina wa mpingo, ija inkanyamula mabelo a fodya kupita ku okushoni, makolo athu n'kudzazanso kumbuyo. Tinadutsa pa Boma phiri likadali ndi nkhungu kumutu, n'kulowera kum'mawa, minda ya chimanga chouma ndi zigafa zodzaza zikuthawira kumbuyo. Tinaimba nyimbo zakale njira yonse. Bambo Gondwe atati tiyeseko yatsopano ija, achemwali anakana. Anati akusunga mawu, mphepo ya palole ingawaumitse kukhosi, ndipo anafunda chitenje kumutu akuyamwa ndimu.

Tchalitchi cha ku Mtunthama chinatiopsa tisanalowe n'komwe. Mawindo agalasi, pansi pa simenti yoterera, anthu odzaza mpaka ena kusuzumira panja. Makwaya ena anali ndi mikanjo yoyenda pansi, ena kiyibodi ndi magitala, ena masitepe ochita kuwerengera ngati asilikali. Ife tinali ndi chisekese chimodzi basi, nachonso chomangidwa ndi mphira. Atatitchula tinayenda kupita kutsogolo, nsapato zobwereka zikulira pa simenti, n'kuima m'mizere iwiri. Ndinaona amayi atakhala kumbali ya azimayi, pafupi ndithu ndi kutsogolo, ndi bambo kumbali inayo atatukula chifuwa. Achemwali anatsogola, naima pamalo pawo paja, namwetulira mpingo wonse. Bambo Gondwe anakweza dzanja.

Mayo ine! Mawu anatuluka okoma, oyera, okwera mpaka kumalata. Anthu anatembenuka, ena kukamwa yasa. Koma ife kumbuyo tinayang'anana. Achemwali anaiyambira pamene anaisiya tsiku lija, pamwamba penipeni, ndiponso akuthamanga ngati akuthawa mvula. Nthawi yovomera itakwana tinayesa kukwera kuti tiwapeze. Atsikana tinatswiikiza ngati anapiye ogwidwa ndi mphamba. Anyamata ena anatsata achemwali, ena anatsalira pa nyimbo ya m'chigafa, n'kukhala nyimbo ziwiri zikulimbana. Pofika pamalo opumira paja ife tinaima monga tinazolowera, achemwali anapitirira okha, kenako atamva kuti kumbuyo kuli zii anadodoma, naima. Ndiye m'kachetechete ameneyo a Zakeyu, munthu wokhulupirika, analowa ndi besi yawo pa nthawi yake. Koma poti anafuna kuikweza kuti ifanane ndi ya achemwali, chimene chinatuluka m'chimunthu chonse chija chinali kulira kwa tambala wongophunzira kumene.

Wina kumbuyo kwa tchalitchi anaphulika nako kuseka. Ana anatsatira. Dzanja la bambo Gondwe linatsika pang'onopang'ono ngati lathyoka. Nyimbo inafera pomwepo. Ndinayang'ana achemwali chakumbuyo, ndinaona thukuta likutsika pakati pa mizere ya tsitsi lija. Ndinali nditalakalaka kwa zaka kuti tsiku lina adzaone polekera, koma litafika tsikulo ndinawamvera chisoni mpaka misozi inalengeza. Anali okha kutsogolo kuja, pamalo pamene ankapakonda, ndipo tonse tinkadziwa kuti akapachoka chotero sadzabwererapo.

Kenako ndinamva kung'ung'udza. Kunali pansipansi, kochokera kumbali ya azimayi. Anali amayi. Sanaimirire, sanakweze mutu n'komwe. Anakhala monga ankakhalira pakona ya chigafa, maso ali pamiyendo, akuing'ung'udza nyimbo ija pamalo pake penipeni, ndipo manja awo ankayenda okha pa chitenje: kutola, kubaya, kukoka. Analibe tsamba, analibe singano, koma aliyense wa ife anaona fodya m'manja amenewo. Sindikudziwa anayamba ndani. Ndinangopeza manja anga akuda aja atuluka kumbuyo kumene ndinawabisa, akutola tsamba la mumpweya. Wa pambali panga chimodzimodzi. Mzere wonse, mizere yonse iwiri, tinawerama pang'ono, ndipo nyimbo inabwera yokha, yotsika, yodekha, monga inkabwerera masana aliwonse. Tinakoka chingwe, mikono yonse n'kutambasuka pamodzi, tchalitchi n'kuti zii. A Zakeyu analowa, ulendo uno ndi mawu awo enieni, mpaka ndinawamva m'mapazi kudzera mu simenti.

Pamenepo achemwali anachita chinthu chimene sindinawaonepo akuchita. Anafulatira mpingo, natembenukira kwa ife, natseka pakamwa. Anamvetsera. Ndime yonse yoyamba inatha iwo ali duu, maso akuyenda kuchoka pa milomo yathu kupita pa manja athu, mutu ukugwedera pang'ono pofuna kupeza pamene tikupumira. Tsono apa ndi pamene ndimati mphatso ndi mphatso, tisamanamizane. Chimene ife tinachipeza m'miyezi ya utomoni ndi msana wowawa, khutu lawo linachitola pa ndime imodzi. Poyamba yachiwiri analowa, osati pamwamba pathu ngati kale, koma pakati pathu, mofewa, ngati munthu wolowa m'nyumba ya eni akupepesa. Kenako anayamba kukwera pang'onopang'ono, ife titawagwirira pansi, ndipo pamalo opumira anapuma nafe limodzi. Manja awo osalala aja anayesa kutsanzira athu, koma ankasoka mokhota zedi, zoonekeratu kuti singano sanaigwirepo.

Musaiwale kuti m'tchalitchimo munadzaza alimi a fodya okhaokha, ndi ana a alimi a fodya. Atazindikira chimene manja athu ankachita, kunabuka nthungululu yoti sindinaimvenso kwina. Amayi ena anaimirira n'kuyamba kusoka nawo mumpweya. Agogo ena aamuna a jekete lothina anakweza zikhatho zawo m'mwamba kutionetsa kuti nazonso n'zakuda. Amene ankaseka aja ndi omwe anayamba kuvomera nyimbo ngakhale mawu ake sankawadziwa. Tinaibwereza, n'kuibwerezanso, mpaka woyendetsa mwambo anachita kutiimitsa akuseka. Bambo Gondwe sankatsogoleranso ndi dzanja. Anali atangoima chipewa chili pachifuwa, misozi ikuyenderera, akunena Chitumbuka chimene palibe anachimva.

Panja anthu anatiunjirira. Wina anatipatsa mtolo wa nzimbe, wina mandasi m'pepala, atsikana a mikanjo aja n'kumatifunsa kuti masitepe a manjawo anatiphunzitsa ndani. Tinkangoseka, nanga tikanati chiyani? Bambo ankauza aliyense kuti wotsogolerayo ndi mwana wawo, osatchulako za chiyambi chija. Amayi anali atakhala pamthunzi akusenda nzimbe ngati palibe chimene achita. Achemwali anapita kukakhala pambali pawo, n'kutsamiritsa mutu paphewa pawo. Amayi anangowapatsira kachidutswa ka nzimbe.

Pobwerera palole chisangalalo chinali chosaneneka, koma tonse tinkaba maso kuyang'ana bambo Gondwe. Mawu aja anali atanenedwa, ndipo manyazi tinachitadi, ngakhale anali a kanthawi. A Zakeyu anayesa kupeputsa zinthu polira ngati tambala uja, lole yonse n'kugwa nako kuseka, achemwali omwe anaseka akupukuta m'maso. Kuseka kutatha anadzikoka kufika pamene panakhala bambo Gondwe, nagwada pa matabwa a lole ikudumpha choncho.

"Bambo Gondwe, ndamva. Nyimbo inakuladi. Lamulungu ndikaima kumbuyo."

Bambo Gondwe anapisa m'thumba la jekete, natulutsa singano ya sipoko, yonyezimira, yosagwirapo ntchito. Inali ija anasulira achemwali pachiyambi pomwe, ndipo anali akuyenda nayo miyezi yonseyi.

"Kutsogolo ndi kwako, mwana wanga. Koma njira yopitira kumeneko yadzera m'chigafa. Mawa tili kwa a Zakeyu, masamba akunsonga akadalipo."

Mawa lake anabweradi, atavala diresi lakale la amayi. Anakhala pakati pa ine ndi mtsikana wina, natambasula miyendo, nayamba kulimbana ndi singano. Abale, kusoka kwake! Masamba ankang'ambika, ena kugwa, chingwe kukodwa m'zala za kumapazi. Ine amene ndinakhala moyo wonse ndikumva kuti "tamvera mkulu wako mmene akuimbira," tsiku limenelo ndinawagwira dzanja n'kumawauza kuti, "Ayi achemwali, bayani paphata, osati pakati." Mumtima munakoma ngati ndadya uchi. Atagwira chimanga ndi manja a utomoni anakwinya nkhope, nalavula, chigafa chonse n'kufa nako kuseka. Koma sanachoke. Pofika madzulo zikhatho zinali zakuda ngati zathu, ndipo khosi lija limene linkaopa fodya linaimba bwino lomwe, silinakandike ndi pang'ono pomwe.

Papita zaka tsopano. Kwathu zigafa zatsala zowerengeka, minda yambiri anthu anaisandutsa ya soya ndi mtedza, ndipo ana a masiku ano ena singano ya fodya sanaionepo. Makwaya ali ndi makiyibodi owauza poyambira, nyimbo amatumizirana pafoni, aliyense n'kumaiphunzira yekha kuchipinda atatseka makutu ndi timawaya. Sindikunena kuti n'zoipa, amaimba bwino ndithu. Kungoti sindidziwa ngati nyimbo ya pafoni imakula. Bambo Gondwe anatisiya kalekale. Amayi akalipo, maso achita mdima, koma ukawayambitsira ya mbande ija manja amadzuka okha.

Achemwali lero ndi amene amaphunzitsa kwaya kutchalitchi china pa Boma, ndipo ndikuuzeni, nkhanza zake pa nkhani ya pulakatisi bambo Gondwe sankafikako. Wochedwa amamubweza pakhomo. Mwezi wathawu ndinawayendera, n'kuwaperekeza kokaphunzitsa. Ndinakhala pabenchi kumbuyo. Ali mkati moimba munalowa kamtsikana kena kowala bwino, kakutafuna chingamu, kosapepesa n'komwe. Wa pambali panga anandinong'oneza kuti kameneko ndiye kali ndi mawu kuposa onse. Achemwali atakafunsa kumene kanali sabata yonse, kanayankha mosatekeseka kuti, "Amayi, ine nyimbo ndimangoimva kamodzi basi."

Achemwali anatembenuka, maso athu anakumana, ndipo ndinachita kudziluma mlomo kuti ndisaphulike. Sanakakalipire. Anakagwira padzanja, nakachotsa kutsogolo kumene kanali katalunjika kale, nakakhazika pakati pa anzake.

"Lero usaimbe, mwana wanga. Khala apa, umve anzako mmene akupumira."

Kenako anakweza dzanja, nayambitsa nyimbo pansipansi, ndipo sinali ina koma ya mbande ija. Nditayang'ana pamiyendo panga ndinapeza manja anga ayamba kale ntchito: kutola, kubaya, kukoka.